Musanasaine kontrakiti yomanga holo, onanani kaye ndi loya

Lero ndili ndekha muno, ndipo nkhani yathu yachokera kwa mayi wina wa ku Leicester amene anatitumizira uthenga wa mawu sabata yatha. Iwo ndi anzawo asanu asonkha ndalama, apeza chinyumba chakale chosungiramo katundu, ndipo akufuna kuchisandutsa holo ya maukwati, zinkhoswe ndi zoimbaimba. Womanga wawapatsa kale mapepala oti asaine. Funso lawo ndi lakuti, kodi loya ndi wofunikadi, kapena n'kungotaya ndalama?

Mayi, ndineneretu kuti ine si loya. Ku yunivesite ndinaphunzira za makompyuta, ndipo ntchito yanga ndi yoika intaneti, makamera ndi makina owerenga matikiti m'maholo ndi m'mabwalo a zisangalalo kuno ku England. Koma ntchito imeneyi imandiika pansi penipeni pa mulu wa makontrakiti, ndipo zinthu zikavuta pamwamba, amene amamva kulemera ndi ife apansife. Zomwe ndinene lero ndi zomwe ndaona, zomwe ndawerenga, ndi zomwe zinandiwotcha ndekha. Malamulo amene nditchule ndi a ku England. Amene muli ku Joni kapena ku America mayina a mapepala ndi ena, koma misampha yake ndi yomweyi.

Tiyambe ndi zomwe ambiri tinaona pa TV mu 2024. Ku Manchester, pafupi ndi bwalo la Etihad, anamanga Co-op Live, holo yolowa anthu 23,500. Imayenera kutsegulidwa mu Epulo, ndipo katswiri wa nthabwala Peter Kay ndi amene amayenera kuyamba, matikiti atagulitsidwa kalekale. Anasintha tsiku kamodzi, kenako kachiwiri, chifukwa ntchito inali isanathe. Pa 1 Meyi, anthu ali kale pamzere panja kudikira woimba A Boogie Wit da Hoodie, kachidutswa ka makina olowetsa mpweya kanagwa kuchokera kudenga, konsati n'kulephereka pomwepo. Olivia Rodrigo anamusinthira masiku, Take That anasamukira ku AO Arena. Holoyo inadzatsegulidwa pa 14 Meyi ndi gulu la Elbow.

Mukawerengera, kuchedwa konseko kunali kwa masabata atatu basi. Pa nyumba ya maofesi, masabata atatu si kanthu, anthu amangodikira. Koma malo a zisangalalo amagulitsa tsiku, ndipo amaligulitsa nyumba isanathe. Woimba wasaina, matikiti apita, mowa waitanitsidwa, anthu alipira sitima ndi hotelo. Inunso mayi, ndikhulupirira kuti pali kale banja lina lomwe lakuuzani kuti ukwati wa mwana wawo udzakhala woyamba mu holo yanu. Ukwati susintha tsiku chifukwa choti womanga sanamalize zimbudzi. Ndiye funso lalikulu pa kontrakiti ya malo otere ndi ili: tsikulo likafika holo isanathe, kapena yatha koma sikugwira ntchito yake, alipira ndani? Ntchito ya loya ndi kuonetsetsa kuti yankho lalembedwa anthu akadali pa ubwenzi.

Choyamba chomwe loya wa zomangamanga amakufunsani ndi chakuti mapulani ndi a ndani. Pali njira ziwiri zodziwika. Njira yakale, inu mumalemba wojambula mapulani ndi mainjiniya anu, akamaliza mumapatsa womanga kuti amange zomwe zajambulidwa. Mapulani akakhala olakwika, womanga amasamba m'manja, mlandu uli pakati pa inu ndi wojambula wanu. Njira yachiwiri ndi yomwe amaitcha design and build, pomwe kampani imodzi imajambula n'kumanganso yokha. Ubwino wake ndi wakuti pakalakwika mumadziwa khomo limodzi logogoda. Kuipa kwake ndi kwakuti womangayo amapereka zomwe mwalemba zokha, osati zomwe zinali mumtima mwanu.

Kuno makontrakiti ambiri salembedwa kuyambira pa tsamba loyera. Amatenga mafomu okonzedwa kale, monga a JCT, bungwe lomwe linayamba mu 1931, kapena a NEC. Anthu ambiri akamva kuti ndi fomu ya JCT mtima umakhala m'malo. Koma kumbuyo kwa fomuyo nthawi zambiri kumakhala masamba ena osintha ziganizo, ndipo nkhani yonse imagona mmenemo. Amene wakonza masambawo wawakonza mokomera iyeyo. Si kuba ayi, ndi malonda. Inunso mumafunika munthu wanu wowawerenga.

Chachiwiri ndi kulemba bwino chomwe mukufuna. Titenge phokoso. Holo ya ukwati wa Chimalawi si laibulale, pelekanipelekani akafika pachimake DJ satsitsa. Ngati pafupi pali nyumba za anthu, khonsolo ili ndi mphamvu yokulamulani kuti muchepetse phokoso, ndipo chilolezo chanu choimba nyimbo ndi kugulitsa mowa pansi pa Licensing Act ya 2003 chikhoza kuikidwa malire a maola. Mukangolemba kuti mukufuna makoma osatulutsa phokoso, womanga adzaika zomwe akuona kuti n'zokwana, ndipo simudzakhala ndi pomugwirira. Loya wabwino amakuuzani kuti mupeze katswiri wa za phokoso, alembe manambala enieni a ma decibel, ndipo kontrakiti inene kuti adzayeza ntchito isanalandiridwe. Chimodzimodzi chiwerengero cha anthu. Ngati bizinesi yanu ikudalira anthu 400, nambala imeneyo ilembedwe, chifukwa kukula kwa makomo othawira moto ndi komwe kumalamula kuti mulowa angati.

Apa pali mawu awiri omwe maloya amakanganirana kwambiri. Ena amalonjeza reasonable skill and care, kutanthauza kuti ndigwira ntchito mosamala monga katswiri wina aliyense angachitire. Ena amalonjeza fitness for purpose, kutanthauza kuti chinthucho chidzagwira ntchito yomwe mwanena, zivute zitani. Kusiyana kwake kunaoneka mu 2017 pa mlandu wa MT Højgaard ndi E.ON ku khoti lalikulu la UK. Sunali mlandu wa holo, unali wa maziko a makina opanga magetsi ndi mphepo m'nyanja. Womanga anatsatira ndondomeko yovomerezeka padziko lonse, koma ndondomekoyo inali ndi cholakwika. Khoti linati alipirebe, chifukwa mkati mwa mapepala a kontrakiti munali chiganizo chonena kuti mazikowo akonzedwe oti akhale zaka 20. Mwina mukuti basi tilembe lonjezo lolimbalo. Dekhani kaye. Inshulansi ya akatswiri ojambula nthawi zambiri silipira pa lonjezo la mtundu umenewo. Mukhoza kupambana mlandu n'kupeza kuti wokulipirani alibe kanthu. Zimenezi munthu wamba sangazione pongowerenga.

Chachitatu ndi nthawi. Kontrakiti imakhala ndi tsiku lomaliza ntchito, ndiponso ndalama yomwe womanga adzalipire pa sabata iliyonse yomwe wachedwa. Amaitcha liquidated damages. Mumagwirizana nambala pachiyambi kuti musadzavutike kutsimikizira kukhoti zomwe mwataya. Koma nambalayo ili ndi mbali ziwiri. Ikachepa kwambiri, nthawi zambiri ndi yokhayo yomwe mungapeze, ngakhale mutataya maukwati asanu. Ikakula kwambiri, womanga amakweza mtengo wa ntchito yonse, kapena amaikankhira kwa timakampani tating'ono tomwe tili pansi pake. Komanso womanga ali ndi ufulu wopempha masiku owonjezera ngati kuchedwako kwachokera kwa inu. Mukasintha maganizo pakati pa ntchito, eti siteji isunthe ipite mbali inayo, dziwani kuti mwamupatsa nthawi, mwinanso ndi ndalama.

Ndiye pali funso loti ntchito yatha liti. Amati practical completion, ndipo mafomu a JCT safotokoza mwatsatanetsatane tanthauzo lake. Kwa womanga, ntchito yatha makoma akaima, magetsi akayaka. Kwa inu, yatha pomwe mungalowetse anthu mwalamulo. Pakati pa ziwirizi pakhoza kudutsa mwezi wathunthu: kuyesa ma alamu a moto, magetsi a ngozi, satifiketi ya oyendera nyumba. Loya amalemba mndandanda wa zomwe ziyenera kukhalapo musanalandire makiyi, chifukwa tsiku lomwe mwalandira, chindapusa cha kuchedwa chimaima, ndipo udindo wa inshulansi ya nyumbayo nthawi zambiri umagwera inu.

Chachinayi ndi ndalama. Simulipira zonse pakamodzi, mumalipira m'magawo malinga ndi ntchito yomwe yachitika. Pa malipiro aliwonse mumasungako pang'ono, nthawi zambiri 3 kapena 5 pa 100 iliyonse, yomwe amaitcha retention. Theka lake mumapereka ntchito ikatha, theka linalo womanga akakonza zolakwika zomwe zatuluka m'miyezi yotsatira. Kwa mwini holo ndi chitetezo. Kwa ife apansi ndi ndalama yomwe imakhala m'thumba la wina, ndipo pomwe kampani yaikulu ya Carillion inagwa mu Januwale 2018, makampani ang'onoang'ono ambiri sanazionenso ndalama zawo. N'chifukwa chake loya amafunsanso kuti womanga akagwa pakati pa ntchito, inu mutani? Amatha kukonza timapepala totchedwa collateral warranty, tokupatsani njira yofikira mwachindunji kampani yomwe inaika magetsi kapena denga, ngakhale munalibe nayo kontrakiti. Ngakhale kasainidwe kali ndi tanthauzo: kontrakiti wamba mumakhala ndi zaka 6 zokasuma, yosainidwa ngati deed zaka 12.

Tsopano mwina wina akuti, zikavuta tidzapita kukhoti. Tamverani za Wembley. Kampani ya ku Australia ya Multiplex inavomera kumanga bwalolo pa mtengo wokhazikika. Ya zitsulo, yomwe inapanga uta waukulu uja timauona patali, inali Cleveland Bridge. Awiriwa anayambana pa za ndalama ndi kusintha kwa mapulani, ndipo Cleveland Bridge inachoka pamalopo mu 2004. Fainolo ya FA Cup ya 2006, yomwe imayenera kuseweredwa pa Wembley watsopano, inakaseweredwa ku Cardiff. Bwalolo linatsegulidwa mu 2007. Mlandu unapitirira mpaka 2008, pomwe woweruza Jackson anagamula kuti Multiplex ilandire mapaundi pafupifupi 6 miliyoni. Koma mbali ziwirizi zinali zitawononga pafupifupi 22 miliyoni pa mlanduwo. Mapepala a umboni anadzaza mafailo oposa 500, ndipo kuchita fotokope kokha kunayandikira miliyoni imodzi. Amenewa ndi makampani okhala ndi maloya awoawo. Nanga inu ndi ine?

Mwamwayi, kuno kuli njira yachidule. Lamulo la 1996 lomwe anthu amangolitcha Construction Act limapatsa aliyense amene ali mu kontrakiti yomanga ufulu wopita ku adjudication nthawi ina iliyonse. Munthu wapadera amamva mbali zonse n'kugamula m'masiku 28, ndipo wogonja amayenera kulipira kaye, zokadandaula pambuyo. Lamulo lomweli limaletsa chizolowezi choti ndidzakulipira nane ndikalipidwa, kupatula ngati wapamwambayo wagwa. Limanenanso kuti amene akufuna kudula ndalama zako ayenera kukutumizira kalata yotchedwa pay less notice nthawi isanakwane, yofotokoza zomwe akudula ndi mmene wawerengera. Mayi, kalata imeneyi ikukhudzani inunso. Womanga akakutumizirani bilu yomwe simukugwirizana nayo, inu n'kungokhala chete, tsiku likadutsa mudzayenera kulipira yonse.

Ineyo lamulo limeneli ndinaliphunzira ndi misozi. Zaka ziwiri zapitazo, ine ndi mnzanga amene timagwira limodzi tinapeza ntchito yoika Wi-Fi, makamera ndi makina a matikiti mu holo ina ya nyimbo kumpoto kuno. Inali ya mapaundi 38,000, yaikulu kuposa ina iliyonse yomwe tinagwirapo. Anatitumizira masamba makumi anayi Lachisanu madzulo, n'kutiuza kuti Lolemba tiyambe. Ndinawerenga tsamba la mtengo ndi la mndandanda wa zipangizo, ndinasaina pa foni ndili mu basi. Mnzangayo anafunsa kuti aise, osaonetsa kaye wina? Ndinamuyankha kuti loya adya phindu lathu lonse.

Titafika, siling'i inali isanaikidwe. Zida za Wi-Fi zimamangiriridwa ku siling'i, ndiye tinakoka mawaya n'kudikira. Tinadikira masabata atatu. Tsiku lililonse ndimamuuza kapitawo wa pamalopo, iye n'kumati osadandaula, tikudziwa. Siling'i itatha tinagwira usana ndi usiku, komabe holo inachedwa kutsegulidwa ndi masiku khumi, ndipo makonsati awiri anasinthidwa. Malipiro omaliza atabwera anali operewera ndi mapaundi 9,000. Ati gawo lathu la chindapusa cha kuchedwa. Ndalama imeneyo inali ya renti, ya msonkho, ndi fizi ya mchemwali wanga kumudzi.

Apa m'pamene ndinapita kwa loya, mutu uli pansi. Anali mayi wachikulire ndithu, wosachedwa ndi nkhani. Anatsegula tsamba 27 n'kundionetsa chiganizo chonena kuti tikachedwetsedwa ndi wina, tiyenera kulemba kalata m'masiku asanu ndi awiri, apo ayi tataya ufulu wopempha nthawi yowonjezera. Kalata sitinalembe. Zonse zomwe ndinamuuza kapitawo zinapita ndi mphepo. Kenako anandifunsa ngati tinalandira pay less notice. Ndinati imeneyo ndiye chiyani? Anafufuza maimelo onse, panalibe. Anandifotokozera kuti ntchito yoika njira za mauthenga ndi chitetezo m'nyumba imawerengedwa ngati ntchito yomanga pansi pa lamulo lija, choncho ifenso limatiteteza. Popeza sanatumize kalatayo, amayenera kulipira ndalama yonse.

Ndinayamba kumwetulira, koma anandidula. Anati akhoza kulipira lero, mawa n'kuyambitsa mlandu wawo wofuna kuti ziwerengedwe bwino, ndipo pamenepo chiganizo cha tsamba 27 chidzakulumani. Chomwe chinatithandiza ndi zithunzi zomwe mnzanga ankajambula tsiku lililonse n'kumatumiza pa gulu la WhatsApp la pamalopo, zoonetsa denga lopanda siling'i, masiku ake ali pomwepo. Ndi zimenezo loya analemba kalata imodzi yotchula adjudication. Patatha masabata awiri tinagwirizana, anatipatsa 6,000. Loya anatenga 2,400. Ndikutuluka ndinamufunsa kuti kuwerenga kontrakitiyo ndisanasaine kukanakhala ndalama zingati. Anati ntchito ya maola awiri kapena atatu, ndipo chiganizo chija akanapempha kuti chisinthidwe, kapena akanangondiuza kuti ndizilemba imelo tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula, abale. Ine ndinadya.

Ndiye mayi a ku Leicester, ndibwerere kwa inu. Mapepala amene mwapatsidwawo musasaine sabata ino. Ndipo womanga akanena kuti tingolemberana kakalata koyambira ntchito, kontrakiti yeniyeni ibwera pambuyo, samalani, chifukwa ntchito zambiri zimafika kumapeto kontrakiti yeniyeniyo isanabwere, ndipo pakabuka mkangano palibe amene amadziwa zomwe munagwirizana.

Pezani loya wa zomangamanga, osati amene anakuthandizani pa mapepala a visa kapena pogula nyumba. Onsewo ndi maloya, koma wa mano sachita opaleshoni ya diso. Dzina lake mukhoza kulitsimikizira pa kaundula wa Solicitors Regulation Authority pa intaneti. Mufunseni ngati anagwirapo makontrakiti a JCT, ndipo mupempheni mtengo umodzi wokhazikika wowerengera kontrakiti, osati wa pa ola wopanda malire.

Popita kumeneko tengani zinthu izi. Pepala la lendi ya chinyumbacho, chifukwa ngati mukuchita lendi, mwini wake ayenera kuvomereza kusinthako polemba. Kalata ya khonsolo yololeza kuti nyumba yosungiramo katundu isanduke malo osonkhanira anthu, ngati mwaipeza, ndipo ngati simunaipeze yambani ndi imeneyo, osati simenti. Chiwerengero cha anthu omwe mukufuna. Ndi pepala loonetsa kuti asanu ndi mmodzinu mwapanga kampani kapena ayi, chifukwa mukasaina m'dzina lanu, ngongole yonse ikhoza kutsata inu nokha mpaka pakhomo panu.

Mufunseninso za malamulo awiri. Loyamba ndi CDM la 2015, lomwe limaika udindo wa chitetezo cha ogwira ntchito pa inu eni ntchito, osati pa womanga yekha. Lachiwiri ndi lomwe amalitcha Martyn's Law, lotchedwa dzina la Martyn Hett, mmodzi mwa anthu 22 omwe anaphedwa ndi bomba ku Manchester Arena mu 2017. Linavomerezedwa mu Epulo 2025, ndipo limakhudza malo omwe mungasonkhane anthu 200 kapena kuposa. Holo yanu ikhala m'gulu limenelo. Ndi bwino kuganizira za makomo, zokuzira mawu ndi njira zotulukira mapulani akadali pa pepala, ndipo kontrakiti inene kuti malamulo akasintha ntchito ili mkati, mtengo wake ausenza ndani.

Chomaliza ndi changa, osati cha loya. Musalandire ndalama ya ukwati wa sabata yomwe womanga walonjeza kumaliza. Siyani mpata wa mwezi umodzi kapena iwiri. Chitani kaye kaphwando kakang'ono ka inu nokha, muyatse zonse, DJ akweze mpaka pamapeto, wina aime panja amve zomwe aneba akumva, muone ngati magetsi sakuthima ma friji ndi zokuzira mawu zikayaka pamodzi. Ngakhale Co-op Live inachita konsati yoyesera, ndipo mavuto anaonekera pomwepo.

Ndipo kwa anzanga amene muli pansi ngati ine, a magetsi, a mipope, a mawaya, oika matailosi: chilichonse chomwe chakuchedwetsani, lembani imelo tsiku lomwelo, ikani chithunzi, tchulani tsiku. Kapitawo ndi munthu wabwino, koma mawu ake sali mu kontrakiti.

Mayi, mukaonana ndi loyayo mutiuze mmene zayendera, ndipo holo ikatha musaiwale kutiitana. Wi-Fi ndidzakuikirani ndine, koma ulendo uno ndidzawerenga masamba onse. Amene muli ndi mafunso pitirizani kutumiza mauthenga a mawu monga mwa nthawi zonse.